Namwino wa kumudzi akapita kusukulu, atsala ndani mu wodi?

Nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo njinga yamoto yaima pakhomo pa namwino.

Kumbuyo kwa woyendetsa kuli mayi woyembekezera, wafunda chitenje mpaka kumutu. Kumbuyo kwakenso kuli apongozi ake, amugwira m'chiuno kuti asagwe. Beseni, zitenje, ulusi ndi lezala watsopano azimanga pamodzi n'kuzikoloweka pachiwongolero.

"Odi, anamwino! Tabwera ndi matenda."

Kuno ndi kwa Mfumu Yaikulu Mavwere, m'boma la Mchinji, pachipatala china chaching'ono. Namwino watuluka atavala juzi pamwamba pa yunifolomu, foni ili m'manja m'malo mwa tochi.

Mayi uja akudandaula mutu komanso chizungulire. Miyendo yatupa, nkhope yatupa. Namwino wamuyeza BP, wayezanso kachiwiri kuti atsimikize. Yakwera zoopsa.

Palibe womufunsa maganizo.

Waika diripi, wabaya mankhwala a magnesium sulphate oteteza kuti mayiyo asayambe kukomoka, wamvetsera mtima wa mwana, kenako waimba foni kuboma kuitanitsa ambulansi. Akuti ili panjira, ikuchokera kukatenga wodwala wina. Iye wakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, maso ali pa mayiyo, akuwerenga kapumidwe kake.

Kukamacha, pakhonde padzakhala patadzaza kale. Amayi a sikelo, olera, odzatenga ma ARV, ana otentha thupi. Onsewo akudikira munthu yemweyu.

Patebulo la m'nyumba mwake wasiya buku lotsegula. Ndi mafunso akale a mayeso a MSCE, phunziro la Chemistry. Mayi wa ana, wogwira ntchito zaka zambiri, akukonzekera kukalembanso mayeso a Folomu 4.

Akufuna kukwera.

Kwa wodwala, namwino ndi namwino basi. Koma m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 kuti liziyang'anira ntchitoyi, anamwino ali m'magulu.

Pamwamba pali namwino wa rejisitadi. Ambiri mwa iwo masiku ano amaphunzira zaka zinayi n'kutenga digiri, monga ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University.

Pansi pake pali Nurse Midwife Technician, amene anzake amangoti NMT. Uyu amaphunzira zaka zitatu, unamwino ndi uzamba pamodzi, n'kutenga dipuloma. Ambiri amachokera m'makoleji a mishoni a pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM: Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Trinity ku Muona. Ena amachokera ku Malawi College of Health Sciences.

Palinso azamba othandizira a m'madera, amene anachuluka m'nthawi ya Mayi Joyce Banda, pamene nkhani ya uchembere wabwino inafika pakamwa pa mfumu iliyonse.

Malamulo a ntchito amati NMT azigwira ntchito moyang'aniridwa ndi namwino wa rejisitadi. Pachipatala chachikulu ngati Kamuzu Central ku Lilongwe, zimenezi n'zotheka. Kumudzi kuno, womuyang'anirayo nthawi zambiri amakhala kuboma, ndipo amabwera ndi galimoto ya ofesi tsiku loyendera zipatala.

Usiku wa BP yokwera, NMT amadziyang'anira yekha.

Sizinangochitika mwangozi kuti zipatala za kumudzi zitsamire pa ma NMT.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, dziko lino linali pamoto. Edzi inkatenga odwala ndi anamwino omwe. Anamwino a rejisitadi, omwe anali ochepa kale, ankakwera ndege kupita ku Britain, komwe zipatala zinkawalandira ndi manja awiri. Ena ankasiya boma n'kupita kumabungwe. Mawodi ankatsala ndi namwino mmodzi pa odwala osawerengeka.

Mu 2004 boma linayambitsa ndondomeko yapangozi yochulukitsa ogwira ntchito zachipatala, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund. Malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito anawonjezeredwa ndi 52 peresenti. Makoleji anakulitsidwa, ophunzira analipiriridwa fizi. Pofika 2009, ogwira ntchito m'magulu amenewo anakwera kuchoka pa 5,453 kufika pa 8,369.

Pa anamwino, chiwerengero chachikulu chinali cha ma NMT. Zifukwa zake n'zosabisika. Amamaliza msanga, maphunziro awo ndi otsikirapo mtengo, makoleji awo ali kumidzi komwe, ndipo dipuloma yawo siitsegula zitseko za kunja mosavuta. Dziko linkafuna anamwino oti akhale.

Anakhaladi.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lino anapeza kuti mu 2004 amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 chiwerengerocho chinali 675. Mu 2015 mpaka 2016 chinatsika kufika pa 439, ndipo amayi 9 mwa 10 aliwonse ankachirira kuchipatala. Boma litaletsa azamba akumudzi mu 2007, mafumu n'kuyamba kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa ochirira pakhomo, khamu lonse la amayi oyembekezera linakhamukira m'zipatala zing'onozing'ono. Amene analilandira ndi ma NMT.

Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo. Mayiko ena anatengera. Amene ankakhala ndi mayiyo m'kachipinda, kumufotokozera, kumuyambitsa mankhwala ndi kumulemba m'kaundula, nthawi zambiri anali namwino yemweyu.

Ntchito inakula chaka ndi chaka. Udindo wa papepala unatsala pomwe unali.

Boma la Mchinji linali ndi anthu 602,305 pa kalembera wa 2018. Lili m'malire ndi Zambia komanso Mozambique, ndipo matenda sayang'ana chiphaso: odwala ena amachokera kutsidya. Kwa Mavwere anthu amadalira mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Amene ali pafupi ndi msewu wa M12, cha ku Waliranji, akhoza kukwera minibasi kupita kuchipatala cha boma kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Amene ali mkati, kumene mvula ikagwa msewu umasanduka phala, chiyembekezo chawo chili pa namwino wa pafupi.

Ndiye namwino ameneyo akanena kuti akufuna kupita kusukulu, nkhani yake siikhala ya iye yekha.

Njira yokwerera ilipo. NMT akhoza kuchita maphunziro owonjezera n'kukhala wa rejisitadi, ndipo mayunivesite ali ndi khomo la anthu amene ali kale pantchito. Akamaliza amalembanso mayeso a Council kuti alowe m'kaundula watsopano.

Kunena n'kosavuta.

Chopinga choyamba ndi satifiketi ya MSCE. Ambiri anapita ku koleji ya mishoni chifukwa anaphunzira pasukulu yoyendera ya kumudzi, yopanda labu, yopanda mphunzitsi wa sayansi, ndipo mapointi awo sanakwane ku yunivesite. Patapita zaka, satifiketi yomweyo imawapezanso. Munthu wochiritsa amayi mazanamazana amauzidwa kuti kirediti yake ya masamu kapena ya sayansi siikukwana. Ndiye amakalembetsa mayeso ngati wophunzira wapadera, n'kukakhala m'chipinda chimodzi ndi ana amene mwina anawabaya yekha katemera ali makanda.

Kuti yunivesite ifune maziko a sayansi, n'zomveka. Koma kuti zaka za mu wodi zilemere pang'ono chotero poyerekeza ndi mayeso amene munthu analemba ali mtsikana, pamenepo pakufunika kuunikanso.

Chopinga chachiwiri ndi chilolezo. Wogwira ntchito m'boma sangonyamuka. Ayenera kupempha tchuthi chophunzirira, ndipo akuluakulu a zaumoyo paboma ayenera kuvomera. Akuluakuluwo si ankhanza. Akayang'ana pandandanda, amaona kuti pachipatala chija pali anamwino awiri kapena atatu. Mmodzi akachoka zaka ziwiri kapena kuposerapo, otsalawo azigona mu wodi. Ndiye amati dikirani chaka chamawa. Chaka chamawa chikafika, mnzake uja ali patchuthi cha uchembere.

Ena amatopa n'kudikira. Amasiya ntchito n'kupita okha, podziwa kuti pobwerako sadzapeza malo.

Chachitatu ndi ndalama. Fizi, lendi ya m'tauni, chakudya, laputopu, bandulo ya intaneti, thiransipoti yopita kozolowera ntchito. Zonsezi pa malipiro amene akudyetsa kale ana, makolo ndi ana a achibale. Anamwino ambiri amathamangira ku SACCO, kubanki mkhonde, kapena kungongole zodula kumalipiro. Patchuthi, m'malo mopuma, amakagwira lokamu.

Ndipo poti ambiri ndi amayi, pali funso la pakhomo. Ana atsala ndi ndani? Bambo avomera? Apongozi anena chiyani? Mwamuna akapita kusukulu, mudzi umati akukonza tsogolo la banja. Mkazi akapita, pamapezeka ofunsa kuti wasiyira yani nyumba.

Amene wadutsa zonsezi n'kufika m'kalasi amapeza kuti nkhondo ina ikungoyamba.

Manja ake amadziwa ntchito. Mtsempha wa mwana wotsegula m'mimba amaupeza ngakhale mumdima. Nsengwa ikakanirira amadziwa chochita. Mwana akabadwa osalira sanjenjemera. Pa zimenezi amaposa achinyamata onse a m'kalasimo, ndipo nthawi zina amafanana ndi aphunzitsi ake.

Koma sukulu ikufunsa funso lina: chifukwa chiyani?

Chifukwa chiyani mwasankha mankhwala awa osati awo? Umboni wake uli kuti? Ndani anafufuza, anafufuza bwanji, ndipo tingawakhulupirire? Munthu amene wazolowera kuchita zinthu mwachangu, pakhonde pali mzere, tsopano akuuzidwa kuti akhale pansi, awerenge, alembe masamba khumi pakompyuta, atchule kumene watenga mfundo iliyonse. Ena amagwira mausi koyamba ali ndi zaka zoposa 35.

Chowawa kwambiri ndi kusiya zizolowezi zimene anaziphunzira chifukwa cha kuchepa kwa anthu.

Titenge patogirafu, pepala lolembapo mmene matenda a mayi akuyendera: kutseguka kwa njira, kugunda kwa mtima wa mwana, BP, nthawi. Likamalembedwa pa nthawi yake, limachenjeza msanga kuti mwana wakanirira ndipo mayi atumizidwe kuboma. Koma namwino amene ali yekha, amayi atatu akubuula, wina akutaya magazi, amayamba wathandiza anthu, pepala n'kudzalemba pambuyo. Akatero zaka zambiri, chimasanduka chizolowezi.

Kusukulu amamuuza mosapita m'mbali kuti pepala lolembedwa mwana atabadwa kale silinapulumutse munthu. Amadziwa kuti n'zoona. Amadziwanso chimene chinamufikitsa pamenepo. Kuvomereza zonse ziwiri, osanyoza aphunzitsi komanso osadzinyoza yekha, ndiye kukula kwenikweni kwa namwino ameneyu.

Kusiyana kwa NMT ndi wa rejisitadi kumaoneka bwino pa nkhani ngati iyi. Mwezi umodzi, amayi atatu abwerera kuchipatala atatentha thupi patangopita masiku ochepa chichirireni. Namwino waluso amathandiza aliyense, kumupatsa mankhwala, kutumiza amene wafooka. Wa rejisitadi amayembekezeka kupitirira pamenepo. Atsegule kaundula, aone ngati atatuwo anachirira pabedi limodzi kapena pa shifiti imodzi. Aone chophikira zipangizo ngati chikugwira. Afunse za madzi a mu wodi, za magolovesi, za mankhwala otsukira. Alembe lipoti lokhala ndi manambala, apite nalo kuboma, akalitsatire mpaka chinachake chisinthe.

Kunena zoona, ma NMT ambiri akale amachita kale zimenezi mwa nzeru zawo. Chimene sukulu imawapatsa ndi njira yake, mawu ake, ndi mphamvu yoti akalankhula pamsonkhano wounika imfa ya mayi, madokotala amvetsere.

Mphamvu imeneyo anamwino amaifuna, ndipo si dyera.

Ukacheza nawo, pali nkhani imodzi imene imabwerabwera. Mtsikana wa digiri amafika kumene kuchokera ku yunivesite. NMT wakale amamulandira, kumusonyeza posungira mankhwala, kumuphunzitsa kusoka mayi wong'ambika, kumulimbitsa mtima usiku woyamba wa imfa. Patapita miyezi, mtsikana uja ndiye inichaji, ndipo ndi amene akulemba ndandanda ya naiti ya womuphunzitsa uja.

Palibe wolakwa pamenepa. Mtsikanayo anaphunzira, ndipo udindo ndi wake. Koma mayi wamkulu uja akabwerera kunyumba madzulo amatsegula buku la Chemistry.

Mu ntchito za boma, NMT amayambira pa giredi K. Namwino wa digiri amayambira pa giredi I. Pakati pamenepo pali kusiyana kwa malipiro, kwa penshoni, ndi kwa mwayi wodzakhala matroni, mphunzitsi wa anamwino kapena mkulu wa nthambi.

Tsopano tiyerekeze kuti NMT wamaliza sukulu. Wavala gauni, achibale abwera ndi minibasi kuchokera ku Mchinji, nthungululu zamveka. Mayeso a Council wakhoza.

Giredi siisintha yokha.

Pamafunika mpata wa ntchito ulengezedwe, alembe kalata, aitanidwe ku intavyu, apikisane ndi achinyamata amene angomaliza kumene ndipo ali pakhomo osalembedwa ntchito. Boma limati ndalama za malipiro zili ndi malire. Ndiye pamapezeka anamwino a rejisitadi amene abwerera pa ntchito yawo yakale, akusenza udindo watsopano chifukwa aliyense akudziwa kuti anaphunzira, koma pa malipiro akale, ngongole ya fizi ikudulidwa mwezi ndi mwezi.

Izi zikuchitika m'dziko limene bungwe la anamwino la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi lakhala likudandaula kwa zaka zambiri za zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: mawodi opanda anamwino, ndi anamwino opanda ntchito. Kuimitsidwa kwa thandizo la boma la America mu January 2025 kunaonetsanso poyera kuti ena mwa ogwira ntchito m'zipatala zathu amalipidwa ndi ndalama zimene sitizilamulira.

Nanga mpata ukapezeka, umapezeka kuti?

Nthawi zambiri kuchipatala cha boma, kuchipatala chachikulu, ku koleji kapena kubungwe. Kumeneko n'kumene kuli maudindo a giredi yake, nyumba ya magetsi, ndi sukulu yabwino ya ana ake. Sitingamudzudzule. Koma taonani mmene mudzi waluzira. Unapirira zaka zimene anali kusukulu, otsala akugwira ntchito ya anthu awiri. Tsopano wabwera ndi nzeru zimene mudziwo ukuzisowa, ndipo akupita nazo kutauni.

Mudzi walipira kawiri.

Ngakhale amene wabwerera pamalo ake akale sapeza zinthu monga anazisiyira. Anzake amene ankadya nawo nsima m'mbale imodzi tsopano ayenera kuwauza kuti patogirafu ilembedwe pa nthawi yake, ayenera kukaniza wina tchuthi, ayenera kulemba lipoti wina akalakwitsa. Mawu oti "wayamba kudzimva" satenga nthawi kuti amveke. Kusukulu anaphunzira za utsogoleri, koma palibe amene anamukonzekeretsa kudzudzula mnzake amene anamulerera ana iye ali ku Lilongwe. Ambiri amaponyedwa pa udindo popanda wamkulu woyenda nawo miyezi yoyambirira.

Vutoli si la Malawi yekha. Dziko la Kenya linali ndi anamwino ambiri a satifiketi amene sakanatha kuchoka onse pa ntchito kupita kusukulu. Mu 2005 bungwe la AMREF, pamodzi ndi bungwe loyang'anira anamwino m'dzikomo, linayambitsa maphunziro a pakompyuta ofuna kukweza anamwino oposa 20,000 kufika pa rejisitadi. Namwino ankaphunzira ali pa ntchito, n'kumapita kukazolowera maluso kuchipatala chovomerezeka cha pafupi.

Sizingakopedwe mmene zilili. Kwa Mavwere netiweki imabwera n'kupita, magetsi ndi a sola, ndipo namwino amene wagwira usana ndi usiku alibe maso owerengera. Kuphunzira uli pa ntchito popanda wokupumitsa ndi chilango. Koma mfundo yake ndi yolimba: sukulu ikhoza kuyandikira namwino, m'malo moti namwino aliyense asiye odwala.

Mchinji ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe, pa msewu wa tala. Ili ndi chipatala cha boma, zipatala za mishoni ku Guilleme ndi ku Kapiri, ndi St Gabriel's pafupi pomwepa. Malo ozolowerera ntchito alipo. Anamwino ongomaliza kumene amene angagwirizire malo a opita kusukulu aliponso, ali pakhomo. Chikusowa ndi dongosolo lolumikiza zimenezi, ndi ndalama yolembedwa m'bajeti.

Dongosolo lotero liyenera kuyamba ndi ndandanda yoonekera poyera, yoti NMT aliyense m'boma adziwe chaka chake chopita kusukulu, osati kudalira kudziwana ndi a muofesi. Wopita asiye womugwirizira wolipidwa. Wobwera apeze giredi yake mosachedwa. Ndipo koposa zonse, zipatala zing'onozing'ono zikhale ndi maudindo enieni a anamwino a rejisitadi, okhala ndi nyumba ndi malipiro oyenera, kuti kukwera kusamatanthauze kusamuka.

Amayi a kwa Mavwere sachirira ku Kamuzu Central. Amachirira pano, ndipo BP imawakwerera pano. Ngati malamulo akuti NMT aziyang'aniridwa ndi wa rejisitadi, wa rejisitadiyo akhale pomwe pali ntchito. Woyenera kwambiri udindo umenewu ndi amene akudziwa kale midzi, mafumu, alangizi a zaumoyo ndi misewu ya dzinja.

Makhansala ndi aphungu a ku Mchinji, khonsolo ikamakambirana bajeti ya zaumoyo, funsani kuti ndi ma NMT angati apita kusukulu chaka chino, ndani wawagwirizira, ndipo mwa amene anamaliza, ndi angati akwezedwa n'kubwerera kumudzi. A Unduna wa Zaumoyo ndi a Council, yankho la mafunso amenewa lili m'manja mwanu.